Kudula Malipiro si Ufulu wa Bwana: Nkhani ya Antchito a ku Lifidzi

Mwa zinthu zonse zimene wolemba ntchito angafune kusintha mgwirizano utayamba kale, malipiro ndiwo amene malamulo a dziko la Mozambique anawatchinjiriza kolimba, komanso ndiwo amene amakhudzidwa msanga bwana akangoona kuti malonda sakuyenda. M'dera la Lifidzi, kumapiri a boma la Angónia m'chigawo cha Tete, kumene anthu ambiri olipidwa amagwira ntchito m'minda ya kachewere, chimanga, nyemba ndi fodya, ndipo ena ochepa ali m'masitolo, m'zigayo, m'sukulu ndi m'zipatala, mawu akuti "mwezi uno tichepetsako, zinthu zavuta" amalandiridwa ngati nkhani ya kuchedwa kwa mvula, yomwe munthu amangoimva ndi kugwedeza mutu. Kaganizidwe kameneka ndi kolakwika, ndipo kamapindulira mbali imodzi yokha. Bwana amene amadula malipiro nthawi zambiri amati akugawana mavuto ndi antchito ake, koma zoona zake n'zakuti akuzemba ndalama zimene lamulo likanamulipiritsa akanatsata njira zimene linamuikira.

Malamulo aakulu a dziko, amene anakhazikitsidwa mu 2004, amanena m'gawo 85 kuti wantchito aliyense ali ndi ufulu wolandira malipiro oyenera ndiponso wotetezedwa pa ntchito yake. Tsatanetsatane wa ufulu umenewu ali mu Lei do Trabalho, lamulo loyendetsera ubale wa olemba ntchito ndi olembedwa, lomwe kwa zaka zambiri linali Lei n.º 23/2007 la pa 1 Ogasiti 2007, ndipo linalowedwa m'malo ndi Lei n.º 13/2023 la pa 25 Ogasiti 2023, limene linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024. Lamulo latsopanoli linamangidwa pa maziko a lakale ngakhale kuti manambala a magawo anasintha, choncho manambala amene atchulidwe pano ndi a lamulo la 2007. Gawo 73 la lamulolo linavomereza kuti bwana ndi wantchito angagwirizane kusintha kagwiridwe ka ntchito ngati zinthu zasintha ndipo kusinthako kungapulumutse ntchitoyo, koma pomwepo linaika malire akuti kusintha kotereku sikuloledwa konse ngati kukuchepetsa malipiro kapena kutsitsa udindo wa wantchito. Chimodzimodzinso bwana akamupatsa munthu ntchito ina kwa kanthawi chifukwa cha vuto losayembekezeka, mwachitsanzo kumuchotsa wogulitsa m'sitolo kuti akathandize kumosungira katundu, malipiro ake amayenera kukhala omwewo. Izi zikusonyeza kuti opanga lamulo anadziwiratu kuti mavuto a malonda ndiwo adzakhale chowiringula cha masiku onse, ndipo anachikaniratu.

Pali khomo lina limene mabwana amakonda kulowera, lomwe ndi kuchotsera, kutanthauza kusiya malipiro pa pepala ali momwemo koma n'kumachotsapo ndalama pa tsiku lolipira, ati chifukwa cha khasu lothyoka, katundu wosowa m'sitolo kapena kuchedwa m'mawa. Apanso lamulo la 2007 linanena kuti palibe ndalama yochotsedwa pa malipiro popanda chilolezo cholembedwa cha mwini wake, kupatula zimene lamulo lenilenilo limalamula, monga msonkho, chigamulo cha khoti ndi chopereka cha ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni ndi chithandizo pa matenda, ndipo zochotsedwa zonse pamodzi sizingapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a pamwezi. Za INSS n'zofunika kuzitchula chifukwa wantchito amapereka 3 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana amawonjezerapo 4 peresenti, kotero malipiro akatsika chopereka chimatsika nacho, ndipo munthu amene anadulidwa ali ndi mphamvu adzamvanso kuwawa kwake atakalamba.

Amene amateteza mabwana amafunsa kuti nanga munthu atani ngati bizinesi ikufadi. Lamulo silinasiye funso limeneli lopanda yankho. Njira yoyamba ndi kuimitsa mgwirizano kwa kanthawi pa zifukwa za chuma, malinga ndi gawo 123, ndipo pa nthawiyi wantchito amakhala kunyumba koma amalandira 75 peresenti ya malipiro ake mwezi woyamba, 50 peresenti mwezi wachiwiri ndi 25 peresenti mwezi wachitatu, popanda kutsika kupitirira malipiro ochepetsetsa a dziko. Njira imeneyi inadziwika kwambiri mu 2020 pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa malo ambiri a ntchito, ndipo chimene ambiri amaiwala n'chakuti munthu wolandira theka pa njira imeneyi sakugwira ntchito, komanso bwana amayenera kudziwitsa wantchito, unduna wa za ntchito ndi bungwe la antchito mwa kalata. Bwana amene amalipira theka kwinaku akufuna munthu afike mbandakucha ndi kuweruka dzuwa litalowa sakugwiritsa ntchito gawo 123. Akungobwereka dzina lake. Njira yachiwiri ndi kuthetsa mgwirizano pa zifukwa za msika kapena za kusintha kwa kayendetsedwe ka kampani, ndipo apa bwana amapereka chidziwitso pasadakhale ndi kulipira chipukutamisozi, chomwe kwa anthu a malipiro otsika ndi malipiro a masiku 30 pa chaka chilichonse chimene munthu wagwira.

Masamu ake ndiwo amaulula chifukwa chimene kudula kumakondedwera. Tiyerekeze munthu wa pa chigayo amene amalandira 10,000 meticais pamwezi ndipo wagwira zaka 6 pa mgwirizano wopanda tsiku lothera. Bwana akamuchotsa motsata lamulo amulipira 60,000 meticais. Akamudula 2,000 pamwezi, bwanayo amasunga 24,000 pachaka osataya wantchito wodziwa makina, ndipo tsiku limene adzamuchotse chipukutamisozi chidzawerengedwa pa 8,000, osati pa 10,000. Munthuyo akapsa mtima n'kungosiya ntchito osalemba kanthu, bwana salipira ngakhale kobiri. Choncho mawu akuti "ngati simukufuna, khomo ndi ilo" amanenedwa mwadala, pofuna kuti wantchito adzichotse yekha mwaulere. Komatu lamulo la 2007 linatsegula khomo lina, lomwe antchito ambiri salidziwa: munthu amene ufulu wake waphwanyidwa ndi bwana angathe kuthetsa mgwirizano pa chifukwa chomveka, atapereka kalata masiku osachepera 7 pasadakhale yofotokoza momveka bwino zimene zachitika, ndipo ayenera kulandira malipiro a masiku 45 pa chaka chilichonse, zomwe pa chitsanzochi ndi 90,000 meticais. Kusiyana kwa kuchoka chimanjamanja ndi kuchoka ndi ndalama zimenezi kwagona pa pepala limodzi lolembedwa pa nthawi yake.

Mabwana ochenjera amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amabwera ndi pepala lawolawo kuti wantchito asayine kuti wavomera yekha. Funso lakuti munthu amene wasayina akuopa njala wavomeradi si latsopano, ndipo ku Lifidzi, kumene misheni ya ansembe a chipani cha Jesuit inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, siliyenera kukhala lachilendo. Mu 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum, anaphunzitsa kuti wantchito amene walandira malipiro oipa chifukwa cha kusowa pogwira kapena kuopa choipa chachikulu wachitidwa nkhanza, ngakhale kuti pakamwa pake panatuluka mawu ovomera. Chiphunzitso chimenechi chimamanga aliyense wolemba ntchito amene amakhala pa benchi la m'tchalitchi Lamulungu, ndipo chimamanganso mabungwe a mipingo enieniwo pamene alemba mlonda, wophika kapena wa kumunda. Anthu a ku Angónia ali ndi chifukwa chinanso chokayikira chivomerezo cha pa pepala, popeza makolo awo anadutsa m'chibalo, ntchito yokakamiza ya nthawi ya Apwitikizi, yomwe inathetsedwa pa lamulo mu 1961, ndipo ambiri anaithawa polowera ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. M'mabuku a atsamunda ambiri mwa anthu otengedwa mokakamiza ankalembedwa kuti ndi antchito a pa kontrakiti.

Komabe zonse zanenedwazi zimakhudza mosavuta munthu amene ali ndi kontrakiti yolembedwa ndi pepala la malipiro, pomwe unyinji wa antchito a ku Lifidzi, Dómuè ndi midzi yozungulira ndi aganyu ndi antchito a nyengo, ndipo kwa iwo kudula malipiro sikubwera ndi dzina lake. Waganyu amapangana ndi mwini munda pa ndime, yomwe ndi chigawo cha munda choyezedwa ndi mizere, mapazi kapena chingwe, ndipo mtengo wa ndime ukhoza kukhala womwewo chaka ndi chaka pamene ndimeyo ikutalika mwakachetechete, mizere khumi ya chaka chatha n'kusanduka khumi ndi iwiri. Pokumba kachewere malipiro amawerengedwa pa thumba, koma thumba limene mwini munda akufuna ndi losokerera pamwamba mpaka kutukumuka, loti amuna awiri amavutika kulikweza pa ngolo, ndipo limalipidwa ngati thumba wamba. Wolipidwa chimanga amapeza kuti ndowa yoyezera malipiro ndi yopwanyika m'mbali, pamene yogulira kwa alimi ndi yofutukuka. Palibe mwa anthu amenewa amene wauzidwa kuti malipiro atsika, koma aliyense wagwira ntchito yambiri pa ndalama yomweyo kapena walandira zochepa pa ntchito yomweyo, ndipo kumeneku ndiko kudula malipiro.

Pa fodya m'pamene nkhaniyi imafika poipa, chifukwa cha kutalika kwa nthawi pakati pa ntchito ndi malipiro. Alimi ambiri a ku Angónia amalima fodya pa mgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, yomwe ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, ndipo pa mgwirizano wotere mlimi amatenga mbewu ndi feteleza pa ngongole yomwe imadzachotsedwa pogulitsa. Mlimiyo si wantchito wa kampani, koma iye amalemba anthu ake oti afese nazale, awokere, apalire, athyole, asoke ndi kupachika fodya m'zigafa, ndipo ambiri mwa iwo amangopatsidwa chakudya miyezi yonseyi podikira ndalama ya kumapeto kwa nyengo. Fodya akagulidwa pa giredi yotsika kuposa imene mlimi ankayembekeza, kapena ngongole ikadya gawo lalikulu, wantchito amauzidwa kuti "msika sunayende" ndipo amalandira zochepa pa zimene anapangana. Pamenepo ntchito yatha kale, thukuta silingabwezedwe, ndipo munthu alibe chogwirira bwana wake. Chodabwitsa n'chakuti chaka chimene msika wayenda bwino palibe wantchito amene amaitanidwa kuti adzawonjezeredwe chifukwa fodya wagulidwa pa mtengo wabwino. Amene amatenga phindu lonse m'chaka chabwino ndiye ayeneranso kusenza kuluza m'chaka choipa. Dziko la Malawi linaona kuipa kwa dongosolo lofanana ndi limeneli m'maesiteti ake, ndipo mu 2021 linasintha lamulo lake la ntchito n'kuletsa utenanti.

Malire nawo amapereka mpata wina. Popeza Angónia wagundana ndi maboma a Dedza ndi Ntcheu, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi apachibale, amalankhula chinenero chimodzi ndipo anasungana pa nthawi ya nkhondo yomwe inatha ndi mgwirizano wa ku Rome mu 1992, kwacha ya Malawi imayenda m'misika ya m'malire pamodzi ndi metical, ndipo Amalawi ambiri amawoloka kudzagwira ganyu makamaka m'miyezi ya njala. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwini munda amene amagulitsa mbewu zake mu meticais koma n'kupitiriza kulipira chiwerengero chakale cha makwacha wadula malipiro pafupifupi ndi theka osatsegula pakamwa. Waganyu wochokera kutsidya, amene kawirikawiri alibe mapepala, sangapite kukadandaula ku ofesi ya boma poopa kufunsidwa za mmene analowera, ndipo mantha akewo amatsitsanso mtengo wa ganyu kwa mnzake wa ku Mozambique, amene amauzidwa kuti akakana pali ena oti agwira.

Ena anganene kuti lamulo la ku Maputo silingafike pa ndime ya ganyu, ndipo kuti mwini munda wa maekala ochepa nayenso ndi mmphawi. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona ndipo siyenera kunyozedwa, chifukwa mlimi wa kachewere amene wakolola pamodzi ndi anzake onse amagulitsa pa mtengo umene wogula wa lole wanena. Koma umphawi wa bwana umamupatsa ufulu wopangana ntchito yochepa kapena anthu ochepa nyengo isanayambe; sumupatsa ufulu wosintha pangano ntchito itagwiridwa. Ngakhale pa mwambo wa kumudzi, mlandu wa munthu wokana kulipira ganyu monga anapanganira ndi mlandu umene nyakwawa amauweruza mosavuta. Mfundo yoyamba ija ndi yolakwika pa lamulo, popeza lamulo la 2007 linanena kuti kusalembedwa kwa mgwirizano sikuuchititsa kukhala wopanda mphamvu ndipo sikuchotsa ufulu wa wantchito, komanso kuti vuto la kusalembako limaikidwa pa bwana. Malipiro ochepetsetsa a gawo la ulimi, amene amakambidwa mu Comissão Consultiva do Trabalho, bwalo limene boma, olemba ntchito a m'bungwe la CTA ndi mabungwe a antchito monga OTM-CS ndi CONSILMO amakumana, anali 5,800 meticais pamwezi mu 2023 ndipo anakwera kufika 6,338 meticais mu 2024. Wantchito wa pamwezi wa pa famu amene amalandira zosafika pa malipiro ochepetsetsa wadulidwa kale asanadulidwe.

Boma, lomwe liyenera kulondera malamulowa, lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi, ndipo mphunzitsi kapena namwino wa ku Lifidzi amaidziwa bwino. Antchito a boma sayendetsedwa ndi Lei do Trabalho koma ndi malamulo awoawo, ndipo mu 2022 boma linabweretsa Tabela Salarial Única, ndondomeko imodzi ya malipiro a antchito onse a boma, yomwe inakhazikitsidwa ndi Lei n.º 5/2022. Cholinga chake chinali chabwino, kuthetsa kusiyana kosamveka pakati pa maunduna, koma itayamba kugwira ntchito kumapeto kwa chakacho madandaulo anabuka ponseponse, madokotala a mu Associação Médica de Moçambique ananyanyala ntchito mu Disembala 2022 ndiponso mu 2023, ndipo mu Januwale 2023 boma linatsitsa ndalama za magiredi ena litaona kuti thumba silikwanitsa. Aphunzitsi nawo akhala akudandaula za ndalama za maola owonjezera zimene zimakhala nthawi yaitali osalipidwa. Kumbuyoko, mu 2016, ngongole zobisika za boma za pafupifupi madola 2 biliyoni zitaululika, metical inagwa ndipo mitengo ya zinthu inakwera ndi zoposa 20 peresenti, zomwe zinadya malipiro a aliyense popanda bwana wogwira cholembera. Mu 2020 zokambirana za malipiro ochepetsetsa zinaimitsidwa chifukwa cha mliri. Boma limene limalonjeza chiwerengero lero n'kuchisintha patapita miyezi yochepa limaphunzitsa mwini chigayo kuti pangano la malipiro ndi chinthu chofewa, ndipo limadzichepetsera mphamvu yomudzudzula.

Kumene wantchito angapite kulipo. Inspecção Geral do Trabalho ndi nthambi ya boma yoyendera malo a ntchito, yomwe ili ndi mphamvu yolipiritsa chindapusa bwana wophwanya lamulo, ndipo COMAL, komiti yoyanjanitsa pa mikangano ya pa ntchito, ili ndi malo ake m'zigawo otchedwa CEMAL, kumene mkhalapakati amaitana mbali zonse ziwiri nkhani isanafike kukhoti. Vuto ndi mtunda, chinenero ndi nthawi. Kuchokera ku Ulongué, likulu la boma la Angónia, kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, ulendo umene mtengo wake wopita ndi kubwerera ungapose ndalama imene munthu akukadandaulira, malamulo ndi mafomu zili m'Chipwitikizi, pamene wodandaula amaganiza ndi kuwerengera m'Chichewa, ndipo lamulo la 2007 linaika miyezi 6 yokha kuchokera pa tsiku lothera mgwirizano kuti munthu akasume, nthawi imene imatha wantchito akungomva "bwerani mwezi wamawa." Kuzengereza kwa bwana kumeneku sikukhala kwangozi nthawi zonse.

Wantchito amene wauzidwa za kudulidwa ayenera kupempha kuti zimenezo zilembedwe, asasayine pepala limene sanalimvetse, apitirize kubwera ku ntchito kuti asapatse bwana chifukwa chomuchotsera pa mlandu wojomba, ndipo asunge mapepala a malipiro akale kapena mauthenga a M-Pesa ndi e-Mola osonyeza zimene ankalandira. Waganyu ndi wantchito wa fodya alibe mapepala amenewa, choncho chitetezo chawo chili pa kupangana pamaso pa mboni, kuyeza ndime ndi chingwe chimodzi chodziwika, kutchula ndalama imene adzalipidwire, kaya meticais kaya makwacha, ndi kulembetsa panganolo ngakhale m'kope la sukulu kwa mlembi wa mfumu. Mabungwe a antchito, amene mphamvu zawo zaunjikana m'mizinda ndi m'migodi ya malasha ya ku Moatize, sanafike mokwanira kwa anthu amenewa, ngakhale kuti gawo 86 ndi gawo 87 la malamulo aakulu amapereka ufulu wolowa m'bungwe ndi wonyanyala ntchito kwa wantchito aliyense, osati wa mufakitale yekha.

Koma katundu wamkulu sayenera kusenzetsedwa munthu amene ali ndi mphamvu zochepa pa onse. Oyendera ntchito a chigawo cha Tete amadziwa miyezi imene fodya amagulitsidwa ndi imene kachewere amakumbidwa, ndipo palibe chimene chimawaletsa kukhazika tebulo ku Dómuè ndi ku Ulongué m'masabata amenewo, ali ndi womasulira, kuti madandaulo alandiridwe pamalo pomwe ndalama zikusinthana manja. Malipiro ochepetsetsa akalengezedwa ku Maputo ayenera kuwerengedwa m'Chichewa pa wayilesi za m'madera ndi m'matchalitchi, atagawidwa pa tsiku kuti waganyu adziwe mtengo wa tsiku lake, ndipo makampani ogula mbewu pa mgwirizano angathe kuika m'mapangano awo mfundo yakuti mlimi asonyeze kuti walipira antchito ake asanalandire zipangizo za nyengo yotsatira.